Matabuleti afika, aphunzitsi ena akukayika: kodi ulangizi wa m'kalasi n'chiyani?

Kuyambira mu 2023, nkhani ya matabuleti m'sukulu za pulayimale siikuchoka pa wailesi. Chaka chimenecho Unduna wa Zamaphunziro unayamba pulogalamu ya BEFIT m'sukulu 500, ndipo cholinga chake n'chakuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 m'sukulu zonse za boma, zomwe zilipo pafupifupi 6,000, aziphunzirako kuwerenga ndi masamu pa tabuleti yotchajidwa ndi dzuwa. Ikamakambidwa nkhaniyi, anthu amagawikana. Ena amati vuto ndi aphunzitsi, safuna kusintha ndipo amaopa zamakono. Aphunzitsi nawo amati amaitanidwa kumaphunziro a masiku ochepa, kenako n'kusiyidwa okha ndi ana odzaza kalasi. Akatswiri akalowererapo amati mankhwala ake ndi ulangizi wa m'kalasi, mawu omwe makolo ambiri amangowamva osadziwa kuti akusiyana bwanji ndi kuyendera sukulu komwe tinazolowera.

Kuno ku Zomba nkhaniyi ili pakhomo penipeni. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, komwe amakonza silabasi ndi mabuku, ndiponso Domasi College of Education yosula aphunzitsi a sekondale. Ku Chirunga kuli University of Malawi, ndipo MANEB yokonza mayeso ili m'tauni momwemu. Koma boma lomweli lilinso ndi sukulu za ku Chingale kuseri kwa phiri, komwe msewu umavuta mvula ikagwa, ndi za pa chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa. Olemba ndondomeko ndi oikwaniritsa ndi anansi, koma ntchito amaionera mbali zosiyana.

Zipangizo zikunenedwazi

Tabuleti si chipangizo choyamba kulowa m'kalasi la pulayimale. Mu 2008 kunayamba pulogalamu ya pa wailesi ya Tikwere, yomwe inkaulutsidwa pa MBC ndi thandizo la USAID. Sukulu zinalandira mawailesi opukusa ndi a sola, ndipo mphunzitsi ankatsogolera ana kuimba, kuyankha ndi kusewera motsatira mawu a pa wailesipo. Mu 2013 bungwe la onebillion ndi la VSO anayesa matabuleti a masamu pa sukulu ya Biwi ku Lilongwe, ndipo kafukufuku wa Nicola Pitchford wa ku University of Nottingham anaonetsa kuti ana omwe anawagwiritsa ntchito anapita patsogolo pa masamu kuposa anzawo. Ntchitoyo inakula n'kukhala Unlocking Talent, ndipo mu 2019 onebillion inali m'gulu la mabungwe awiri omwe anapambana mpikisano wa Global Learning XPRIZE. Sukulu zitatsekedwa pa 23 Marichi 2020 chifukwa cha COVID-19, wailesi inabwereranso ngati mphunzitsi wa kunyumba.

Tabuleti ya masiku anoyi imalankhula Chichewa ndipo siilira intaneti kuti mwana aphunzire. Mwana amavala mahedifoni, amagwira ntchito ya msinkhu wake, ndipo akalakwitsa imamuuza nthawi yomweyo. Apa ndi pomwe ntchito ya mphunzitsi imasinthira. Pa nthawi ya tabuleti saima kubolodi ndi choko. Amagawa, amayendayenda pakati pa ana, amathandiza amene wakanirira, amaona amene akungodinadina, kenako amatolera, kuwerenga ngati zakwana, n'kukaziika potchajira. Ku sekondale nkhani imakhala ya makompyuta, pulojekita ndi foni, koma funso ndi lomweli.

Kugawa zipangizo kokha sikubala zipatso. Dziko la Peru linagawa malaputopu ochuluka zedi kwa ana akumidzi pansi pa One Laptop per Child, koma kafukufuku yemwe anatuluka mu 2012 anapeza kuti magiredi a masamu ndi chilankhulo sanakwere. Lipoti la UNESCO la 2023 lonena za luso lamakono m'maphunziro linachenjezanso kuti umboni wodalirika ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa ogulitsa zipangizozo.

Wokayika ndi ndani?

Mawu akuti mphunzitsi wokayika amasonkhanitsa anthu osiyana m'dengu limodzi. Mu 1999 Peggy Ertmer, wofufuza wa ku America, anagawa zopinga m'magulu awiri. Loyamba ndi la zomwe zili kunja kwa mphunzitsi: kusowa kwa zipangizo, magetsi, nthawi ndi wokonza zikawonongeka. Lachiwiri ndi la zomwe zili mumtima mwake: zomwe amakhulupirira pa kaphunzitsidwe kabwino, ndiponso ngati amadzidalira. Kugawa kumeneku kumathandiza chifukwa mankhwala ake ndi osiyana, ndipo nthawi zambiri vuto la gulu loyamba limatchedwa la gulu lachiwiri. Mphunzitsi amene anakonzekera phunziro kawiri n'kupeza mabatire atatha, ulendo wachitatu amangotenga choko. Woyang'ana patali amati wakana zamakono.

Za kunjazi kwathu kuno n'zodziwika. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse ndi omwe ankaunikira magetsi a ESCOM. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, ngakhale m'sukulu za m'tauni magetsi ankathimathima kwa miyezi yambiri. N'chifukwa chake mapulogalamu atsopano amadalira sola. Palinso kuchuluka kwa ana. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi azikhala ndi ana 60, koma m'makalasi ang'onoang'ono si zachilendo kupeza ana opitirira 100. Kugawa ndi kutolera zipangizo pagulu lotere kumadya mphindi zomwe wolemba ndandanda ya nthawi sanaziwerengere.

Za mumtima n'zovuta kuziona chifukwa munthu sazinena pamsonkhano. Pali mantha oti chikasweka kapena kubedwa, andidula malipiro kapena ndikayankha mlandu. Kumene mantha amenewa sanathetsedwe, zipangizo zimatetezedwa kwambiri moti zimangogona m'kabati ya ahedi. Pali manyazi. Mphunzitsi amene waphunzitsa zaka 25, amene mudzi wonse umamuvulira chipewa, safuna kusowa podina pamaso pa ana, makamaka ngati kamwana ka Sitandade 3 ndi komwe kamulangize. Pali funso la mayeso: sukulu imatchuka ndi zotsatira za PSLCE, ndipo mphunzitsi amafunsidwa za masikimu ndi kumaliza silabasi, osati kuti ana anakhala mphindi zingati pa tabuleti. Ena amaopa kuti makinawa adzawalanda ntchito. Ndipo pali kutopa ndi mapulojekiti. Amene anaona mawailesi a Tikwere akubwera ndi chikondwerero n'kudzatha mphamvu, ali ndi chifukwa chodikira kaye kuti aone ngati zatsopanozi zikhalitse.

Onaninso kuti mphunzitsi yemweyo amene akunenedwa kuti amaopa zamakono amatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, ndipo mwina ndiye amayendetsa gulu la WhatsApp la kwaya ya kutchalitchi. Palibe anamuitanira kuwekishopu kuti aphunzire zimenezo. Anaona phindu lake, ndipo polakwitsa panalibe omuseka. Fred Davis anafotokoza zofanana mu 1989, kuti munthu amalandira chipangizo akaona kuti chimuthandiza pa ntchito yake komanso kuti si chovuta kugwiritsa ntchito.

Sikuti wokayika aliyense ali ndi chifukwa chomveka. Alipo ena amene safuna ntchito iliyonse yowonjezera popanda alawansi, ndipo ahedi amawadziwa. Koma kuti usiyanitse uyu ndi uja, uyenera kulowa m'kalasi mwake.

Ulangizi wa m'kalasi

Pali njira zitatu zomwe anthu amazisokoneza. Kuyendera sukulu ndi ntchito ya kuona ngati malamulo akutsatidwa: woyendera amalemba lipoti lopita kwa akuluakulu. Wekishopu ndi kusonkhanitsa aphunzitsi pamalo amodzi, kuwauza ndi kuwaonetsa, n'kuwabalalitsa. Ulangizi wa m'kalasi ndi wina. Mlangizi amabwera kumene mphunzitsi akugwirira ntchito, amagwirizana naye chinthu chimodzi choti akonze, amaonetsa, amaonerera, amakambirana, ndipo amabweranso. Zomwe waona sizilowa m'fayilo ya mphunzitsiyo.

Maganizowa anatchuka m'zaka za m'ma 1980 kudzera mwa Bruce Joyce ndi Beverly Showers. Iwo anaona kuti aphunzitsi amatha kumvetsa njira yatsopano pamaphunziro, ngakhale kuiyeserera bwinobwino, koma akabwerera kusukulu ochepa okha ndi omwe amaigwiritsa ntchito. Pakakhala wina woyenda nawo m'masabata oyambirira, ambiri amapitiriza. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Njira yatsopano imayamba yasokoneza kalasi isanayambe kuthandiza. Sabata loyamba ana amachita phokoso, mahedifoni amakolana, nthawi imatha. Pamenepo ndi pomwe munthu amabwerera ku zakale ngati palibe womuuza kuti zimenezi zimachitika ndipo zimadutsa.

Ife a kuno tili ndi chitsanzo chomwe tonse timachidziwa, cha alangizi a zaulimi. Mlimi sasiya mbewu ya makolo chifukwa chomva uthenga pamsonkhano. Amaona munda wachitsanzo m'mphepete mwa msewu, amafunsa mnzake amene anayesako, amabzala mizere ingapo pakona ya munda, ndipo mlangizi amabwera kudzaona nthawi yopalira ndi yothira feteleza. Maphunziro a mmene zatsopano zimafalikira anayambiradi m'munda. Mu 1943 Bryce Ryan ndi Neal Gross anafufuza mmene alimi a ku Iowa analandirira chimanga cha haibulidi. Anapeza kuti ambiri anamva koyamba kwa ogulitsa mbewu, koma amene anawakopa anali anansi awo, ndipo pafupifupi onse anayamba ndi kachigawo kakang'ono. Everett Rogers anakulitsa maganizowa mu 1962 n'kugawa anthu m'magulu asanu, kuyambira othamangira zatsopano mpaka otsalira. Iye yemwe anadzachenjeza kuti ofalitsa zatsopano amafulumira kuloza chala munthu wotsalira m'malo mofunsa ngati chinthucho chikumuyenera.

Mlangizi wodziwa ntchito sayamba ndi tabuleti. Amayamba ndi funso la mphunzitsi. Tinene kuti wafika kwa mayi wachikulire wa Sitandade 2. Sanena kuti lero ndabwera kudzakuphunzitsani. Amafunsa kuti, "Madamu, pa ana anuwa ndi ati amene akukuvutani kwambiri pa kuwerenga?" Mayiyo akatchula kagulu kamene sikanagwirebe maphatikizo, mlangizi amati, "Bwanji mawa tiyese limodzi ndi amenewo? Ine ndigawa, inu muziona mmene akuchitira, chifukwa mumawadziwa ndinu." Tsiku lotsatira amasinthana. Pokambirana pambuyo pake, mphunzitsi ndiye amayamba kunena zomwe waona, ndipo amasankha chinthu chimodzi chokha choti asinthe, mwina kuika atsogoleri a magulu oti azigawa ndi kutolera. Zolakwika za kadinidwe amakonzera ku ofesi kapena pansi pa mtengo ana ataweruka, osati pamaso pa kalasi.

Zing'onozing'ono zina zimathetsa mantha kuposa mawu olimbikitsa. Kumulola mphunzitsi kuseweretsa chipangizo payekha kaye. Kulemba poyera chomwe chimachitika chikasweka mwangozi, ndani amauzidwa ndipo ndani salipira. Kukhala ndi phunziro lapadera lokonzeka tsiku lomwe mitambo yaphimba sola. Kuonetsa komiti ya sukulu, a PTA ndi gulu la amayi zomwe ana akuchita, kuti udindo wa chitetezo usagwere munthu mmodzi.

Umboni ukuti bwanji?

Mu 2018 Matthew Kraft, David Blazar ndi Dylan Hogan anasonkhanitsa zofufuza 60 za ulangizi wotere, zambiri za ku America. Anapeza kuti umasintha kwambiri kaphunzitsidwe, ndipo umakwezanso kakhozedwe ka ana ngakhale mocheperapo. Anapezanso china chomwe okonda ulangizi satchula kawirikawiri: mapulogalamu aakulu amabala zochepa poyerekeza ndi ang'onoang'ono. Alangizi abwino ndi osowa, ndipo ukafuna ambiri nthawi imodzi luso limasungunuka.

Umboni wapafupi ndi wa ku South Africa. M'chigawo cha North West, Jacobus Cilliers ndi anzake anayerekeza aphunzitsi omwe ankaitanidwa kumaphunziro pamalo amodzi ndi omwe ankayenderedwa ndi mlangizi mwezi ndi mwezi. Onse anali ndi mabuku ndi mapulani ofanana, koma phindu pa kuwerenga kwa ana linali pafupifupi kawiri kumbali ya oyenderedwa. Kenako ku Mpumalanga anayesa njira yotchipa, yopatsa aphunzitsi matabuleti ndi mlangizi wolankhula nawo pa foni. Patatha zaka zitatu, mlangizi wofika m'kalasi anali atapambana kutali. Wa pa foni uja sankaona zomwe zikuchitika, choncho ankalangiza pa zomwe wauzidwa. Ku Kenya, pulogalamu ya Tusome yomwe inayamba mu 2015 inapereka matabuleti kwa alangizi a m'mazoni kuti azilembamo zomwe aona m'kalasi, ndipo zinkadziwika kuti ndani wafikadi kusukulu.

Zofufuza zambirizi n'zokhudza kuphunzitsa kuwerenga, osati kulandira zipangizo. N'zomveka kuganiza kuti phunziro lake ndi limodzi, koma kumeneko n'kuganiza chabe.

Alangize ndani?

M'Malawi maziko alipo kale. Maphunziro aulere a pulayimale atayamba mu 1994, ana anachoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni, ndipo boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osaphunzitsidwa ntchito, omwe anadzasulidwa ali pantchito kudzera m'pulogalamu ya MIITEP. M'nyengo yomweyo sukulu zinagawidwa m'mazoni, kunamangidwa ma TDC, omwe ndi malo ochitirako maphunziro a aphunzitsi, ndipo zoni iliyonse inapatsidwa a PEA, omwe udindo wawo ndi kulangiza. Pulogalamu ya dziko lonse ya kuwerenga yomwe inayamba mu 2016 inawonjezera kuti ahedi ndi oyang'anira zigawo za sukulu azionerera anzawo, ndiponso kuti aphunzitsi azikumana m'magulu kukambirana zovuta za m'kalasi.

Vuto n'lakuti a PEA ali ndi sukulu zambiri, njinga yamoto imodzi, mafuta osakwanira, ndi ntchito za ofesi zosatha: ziwerengero, mayeso, madandaulo, misonkhano. Komanso iwo ndi abwana. Njinga yawo ikamveka pamsewu, aphunzitsi amathamangira kukonza malesoni pulani. N'kovuta kuuza munthu amene ali ndi mawu pa za kusamutsidwa kwako kuti sukudziwa poyatsira. Maphunziro nawonso amatsika ngati madzi a mumfuleni: akatswiri aphunzitsa a kuboma, a kuboma aphunzitsa a PEA, a PEA aphunzitsa ahedi, ndipo pofika kwa mphunzitsi wa Sitandade 1 zambiri zatayikira m'njira.

Njira ina ndi kusankha mphunzitsi wa pasukulu pomwepo. Amapezeka tsiku lililonse ndipo salira mafuta. Koma kawirikawiri amene amasankhidwa ndi wachinyamata wongochoka kumene ku TTC chifukwa ndiye wachangu pa foni, ndipo mwambo wathu sulola mwana kumangowongola akulu. Amathanso kusanduka wokonza zipangizo wa sukulu yonse, kalasi lake likumusowa. Ena amaona kuti n'kwabwino kuphatikiza awiri, wachinyamata wodziwa podina ndi wachikulire wodziwa kukhazika chete ana 100, aliyense akhale ndi chopatsa mnzake. Ndipo mmodzi wa okayika aja akakopeka, mawu ake amalemera kwa anzake kuposa a mlendo wobwera pa galimoto ya bungwe.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyamba ndi la ndalama. Ulangizi ndi wodula chifukwa umalira anthu ndi maulendo chaka ndi chaka, pamene zipangizo zimagulidwa kamodzi n'kujambulidwa pa tsiku lopereka. Boma la America litadula thandizo lake lakunja mu 2025 ndi kutseka USAID, zinaoneka poyera kuti ntchito yodalira abwenzi akunja ikhoza kuima mwadzidzidzi. Kodi bajeti ya boma idzasenza mafuta a alangizi, mabatire atsopano ndi matabuleti olowa m'malo mwa owonongeka pamodzi? Ngati ndalama zili zochepa, ena amati zipite kaye ku makalasi, madesiki ndi kulemba aphunzitsi omwe anamaliza maphunziro koma ali pakhomo. Ena amayankha kuti mwana wa Sitandade 2 wa chaka chino sangadikire kuti zonsezo zitheke.

Lachiwiri ndi la ziwerengero zomwe zipangizo zimasunga. Tabuleti imatha kuonetsa kuti yagwira ntchito nthawi yaitali bwanji. Mlangizi akhoza kugwiritsa ntchito zimenezi kudziwa sukulu yofunika thandizo, koma bwana akhoza kuzigwiritsa ntchito kukalipira. Zikatero, aphunzitsi adzaphunzira kuyatsa zipangizo kuti nambala zikwere, ana asakupindula. Malire a kuthandiza ndi kulonda aikidwa pati, ndipo aika ndani?

Palinso nkhani ya mphotho. Kodi mphunzitsi amene walangiza anzake chaka chonse zimuthandize pa kukwezedwa, kapena achepetseredwe maphunziro ophunzitsa? Nanga makoleji a aphunzitsi, monga wa Machinga ndi wa Domasi, akonze bwanji ophunzira awo kuti ulangizi usamayambire pa ziro? Ndipo ngati mayeso a MANEB ndi omwe amalamula zomwe zimachitika m'kalasi, nthawi ya tabuleti idzaonedwa liti ngati phunziro lenileni osati chowonjezera?

Funso lovuta kwambiri ndi la mphunzitsi amene walangizidwa bwino, wayesa mokhulupirika, koma akunenabe kuti kwa ana ake njira ina ikuyenda bwino kuposa iyi. Olemba ndondomeko amati pulogalamu ya dziko lonse siingayende ngati aliyense asankha yekha, ndipo mwana asamanidwe mwayi chifukwa cha maganizo a mphunzitsi wake. Ena amati ngati mlangizi amangotsitsa uthenga osakweza madandaulo kupita ku Domasi ndi ku Capital Hill, ndiye kuti ndi woyendera yemwe wangosintha dzina. Njira yoti mawu a mphunzitsi wa ku Chingale kapena ku Mayaka asinthe kapangidwe ka pulogalamu, osati kungolembedwa m'lipoti, ikadali nkhani yokambirana.